Mababu ndimazimitsa, koma mayunitsi akuthabe msanga: magetsi akupita kuti?

Funso: "Pakhomo pathu tilipo asanu, ine, bambo akunyumba ndi ana atatu. Mita yathu ndi yolipiriratu, koma masiku ano mayunitsi sakuchedwa kutha. Amene kale ankatifikitsa kumapeto kwa mwezi, pano pofika sabata yachitatu timakhala tagula kale ena. Chipinda chimene mulibe munthu ndimazimitsa babu, matchaja a foni ndimazula, ana ndinawaletsa kuonera TV masana mpaka akundiona ngati wankhanza. Tili ndi giza, kuka ya mapuleti anayi, firiji, firiza yakale imene tinapatsidwa chaka chatha, ketulo ndi ayironi. Bambo akuti mita ikutibera, ndipo akufuna kugula kachipangizo kolowetsa pa soketi komwe akuti kamadula magetsi ndi theka. Tichite chiyani?" Mayi wa ana atatu.

Yankho: Mayi, mtima m'malo. Dandaulo lanu ndi limene ndalimva kwambiri pa zaka zimene ndagwira ntchito ya zamagetsi m'makomo mwa anthu, ndipo nthawi zambiri mita imapezeka kuti ilibe mlandu. Khama lanu si lolakwika, kungoti mukulimbana ndi zinthu zimene zimadya pang'ono. Mukuingitsa mpheta pamene njovu ili phee m'munda. Chimene chimamaliza mayunitsi m'nyumba ndi chipangizo chilichonse chimene ntchito yake ndi kutenthetsa: giza, kuka, uvuni, ketulo, ayironi, hita. Pambuyo pake pamabwera zimene sizipuma usana ndi usiku, monga firiji ndi firiza. Mababu, TV ndi matchaja zili kumapeto kwenikweni kwa mzere.

Koma tisanafike kumeneko, siyanitsani kaye ndalama ndi mayunitsi. Anthu ambiri akamati magetsi akutha msanga amakhala akuwerengera ndalama imene amagulira. Ngati mtengo wa yuniti unakwera, ndalama yomwe ija ikukupatsani mayunitsi ochepa ngakhale kagwiritsidwe kanu ka magetsi sikanasinthe. Kwina mtengo umakwera munthu akadutsa mlingo winawake pa mwezi, kwinanso amayamba adula ndalama zina zokhazikika kapena ngongole yakale asanakupatseni mayunitsi. Tengani malisiti kapena mauthenga a pafoni a miyezi ingapo yapitayi, muyang'ane nambala ya mayunitsi. Ngati mayunitsi enieniwo ndi amene achuluka, ndiye dzifunseni chimene chasintha m'nyumba. M'kalata yanu ndaona kale chimodzi, firiza ija munapatsidwa chaka chatha. China n'chakuti ana akamakula amachedwa kubafa, ndipo nyengo ikazizira madzi amalowa mu giza ali ozizira kwambiri, choncho pamafunika magetsi ambiri kuti atenthe.

Masamu ake si ovuta. Tembenuzani ketulo yanu, pansi pake mupeza nambala yotsatiridwa ndi chilembo W, mwina 2000W. Amenewo ndi mawati, ndipo amasonyeza changu chimene chipangizocho chimakokera magetsi. Yuniti imodzi, imene pa lisiti amailemba kuti kWh, ndi mawati 1,000 atagwira ntchito kwa ola limodzi. Ndiye mukachulukitsa mawati ndi maola, n'kugawa ndi 1,000, mwapeza mayunitsi. TV yamakono ya mawati 60 ikayaka maola anayi tsiku lililonse, pa mwezi wathunthu imadya mayunitsi 7 basi. Yuniti imodzi ikhoza kutchaja foni maulendo 40 kapena kuposa. Tchaja yamakono yosiyidwa pa soketi popanda foni siikwanitsa ngakhale theka la yuniti pa mwezi. Sungani nambala ya TV ija m'mutu, chifukwa kutenthetsa madzi a giza ya malita 150 kuchoka pa madigiri 20 kufika pa madigiri 60 kumadya pafupifupi mayunitsi 7 omwewo, ulendo umodzi wokha. Anawo abwezereni TV yawo.

Pa giza ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa m'nyumba imene ili nayo, kawirikawiri ndi imene imatsogola. Madzi amafuna mphamvu zambiri kuti atenthe, ndipo palibe luso limene lingasinthe zimenezi. Chimene mungasinthe ndi kuchuluka kwa madzi otentha amene mumagwiritsa ntchito. Tengani ndowa ya malita 10, muitchere pa shawa, mutsegule mmene mumatsegulira posamba, n'kuwerenga nthawi. Ikadzaza pa mphindi imodzi, ndiye kuti munthu wosamba mphindi 10 akuthira malita 100. Kuti malita 100 afunde bwino, kuchoka pa madigiri 20 kufika pa 40, pamapita mayunitsi awiri ndi pang'ono. Anthu asanu akamasamba choncho tsiku lililonse, ndi mayunitsi oposa 11 patsiku, oposa 300 pa mwezi. Munthu yemweyo atasamba mphindi zisanu pa shawa yotulutsa malita 7 pa mphindi, sakwanitsa ngakhale yuniti imodzi. Wosamba madzi ofunda a m'ndowa ya malita 20 amadya pafupifupi theka la yuniti. Kamutu ka shawa kotulutsa madzi ochepa sikavuta kusintha, kamangopotokoledwa, ndipo pa zinthu zonse zimene mungagule kuti mupulumutse magetsi, kameneka ndi kamene ndingayambire.

Funso limene aliyense amandifunsa ndi lakuti, kodi giza tizizimitsa? Anthu amakangana kwambiri pa nkhaniyi. Ena amati kuzimitsa kumapulumutsa theka, ena amati poiyatsanso imadya kuposa ikanangokhala yoyaka. Onse awiri akukokomeza. Giza ili ndi thermostat, kachipangizo kamene kamadula magetsi madzi akafika pa kutentha kumene kanatcheredwa, ndiye sikuti imakoka magetsi tsiku lonse. Madzi akangokhala m'thanki amataya kutentha pang'onopang'ono, ndipo pa giza ya malita 150 zimenezi zimatha kufika mayunitsi awiri patsiku, kapena kuposa ngati ndi yakale. Kuzimitsa kumachepetsako kutaya kumeneku, koma madzi amene mwasamba aja ayenera kutenthetsedwabe. Choncho kuzimitsa kumathandiza, koma pang'ono. Kumathandiza kwambiri mukamazimitsa anthu asanayambe kusamba, n'kudzayatsanso maola awiri kapena atatu nthawi yosamba ina isanakwane, chifukwa thanki imatha maola ambiri ili ndi madzi ozizira amene alibe kutentha koti ataye. Pali mawotchi ena oikidwa m'bokosi la magetsi amene amayatsa ndi kuzimitsa giza okha, mmisiri akhoza kukuikirani. Mukamachoka pakhomo kwa masiku angapo, zimitsani osaganizanso kawiri. Kuifunditsa giza ndi chofunda chake chapadera, komanso kukulunga paipi ya madzi otentha pamene ikutulukira, kumachepetsa kutaya kuja tsiku lililonse popanda inu kukumbukira kanthu.

Thermostat ikhale pa madigiri 60. Ndimapeza zambiri zili pa 70 kapena kuposa, zimene zimangowonjezera kutaya kutentha komanso ngozi yoti mwana apse. Koma musaitsitse kwambiri pofuna kupulumutsa magetsi. M'madzi ofunda, a pakati pa madigiri 20 ndi 45, mumaswana tizilombo totchedwa Legionella, timene timayambitsa chibayo choopsa munthu akapuma timadontho ta madziwo. Matendawa anadziwika mu 1976 anthu ambiri atadwala pa msonkhano wina mumzinda wa Philadelphia ku America. Pa madigiri 60 tizilomboti timafa. Ndipo kusintha thermostat kumafuna kutsegula pamene pali mawaya, ndiye ntchito imeneyo musiyireni mmisiri.

Chinanso pa giza, yang'anani ngati ikutaya madzi. Mpopi wa madzi otentha wodontha kamodzi pa sekondi iliyonse ukhoza kudzaza ndowa patsiku, ndipo madzi aliwonse otuluka amalowedwa m'malo ndi ozizira ofunika kutenthetsa. Kunja kwa nyumba kuli kapaipi kochokera ku giza kamene kamadontha pang'ono madzi akamatentha. Zimenezo n'zabwinobwino. Koma mukaona kakungotuluka madzi osaleka, makamaka otentha kapena a nthunzi, kapena madzi a kumpopi akubwera owira kuposa kale, zimitsani giza nthawi yomweyo muitane mmisiri. Mwina vavu yatha kapena thermostat yasiya kudula magetsi. Mabanja ambiri amene amati mayunitsi ayamba kutha mwadzidzidzi, vuto ndimakalipeza pamenepa.

Tsopano kukhitchini. Puleti imodzi ya kuka imakoka mawati pakati pa 1,000 ndi 2,000, uvuni umaposa pamenepo. Chinthu choyamba ndi chivundikiro. Poto wosavundikira amataya kutentha kwambiri kudzera mu nthunzi, ndipo inu mumabwezera ndi mayunitsi. Chachiwiri, madzi akawira sapitirira madigiri 100 ngakhale mutakweza kuka mpaka pamapeto. Kubwata kwamphamvu sikupsetsa chakudya msanga, kumangomaliza madzi. Zikangowira tsitsani, zizibwata pang'onopang'ono. Poto akhale wofanana kukula ndi puleti, ndipo pansi pake pakhale posalala. Muikeni pa tebulo, mum'kankhe ndi chala. Akamagwedera, ndiye kuti amakhudza puleti ndi kachigawo kochepa chabe, kutentha kwina kukungopita mumpweya. Mapuleti achitsulo aja amasunga kutentha nthawi yaitali, choncho zimitsani kutatsala mphindi zisanu kapena kuposerapo kuti chakudya chipse, chimalizika chokha.

Zakudya zouma zochedwa kupsa muzizinyika m'madzi usiku. Poto wotseka ndi mphamvu ya nthunzi, amene ambiri amamutchula kuti pressure cooker, amafikitsa madzi pafupifupi madigiri 120, n'chifukwa chake zimene zimatenga maola zimapsa pa nthawi yochepa kwambiri. Ngati mulibe, pali njira ina yakale imene ndimaikonda. Wiritsani chakudyacho bwinobwino kwa mphindi zingapo, muchotse potoyo ali chivundikirire, mum'kulunge ndi bulangete lochindikala n'kumuika m'bokosi kapena m'dengu. Amapitiriza kuphika ndi kutentha kwake komwe kwa maola angapo. Ingosamalani kuti ngati chazizira musanadye, muchiwiritsenso.

Ketulo ndi yabwino kuposa poto pa kuka ngati mukufuna kuwiritsa madzi, chifukwa chotenthetsera chake chimakhudzana ndi madziwo mwachindunji. Lita imodzi imadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a yuniti. Vuto ndi chizolowezi chodzaza ketulo pofuna kapu imodzi, madzi otsalawo n'kuzizira, wina n'kubweranso kudzawiritsa. Thirani okwanira, otsala muziwasunga mu fulasiki. Uvuni musamayatsire kambale kamodzi. Mukauyatsa ikanimo zambiri nthawi imodzi, ndipo musamatsegule chitseko pafupipafupi.

Firiza yanu ija ndikuikayikira. Zipangizo zoziziritsa zakale zimatha kudya kawiri kapena katatu kuposa zamakono za kukula komweko, makamaka labala wa pachitseko akatha. Muyeseni chonchi: panani pepala pachitseko, mutseke, kenako mulikoke. Likamasololoka mosavuta, mpweya wozizira ukuthawira pamenepo. Yesani mbali zonse zinayi, pa firiza ndi pa firiji pomwe. Labala amagulitsidwa payekha ndipo amasinthika. Mvetseraninso kulira kwake. Injini ya firiji yabwinobwino imalira kwa kanthawi n'kupuma. Ikamangolira osapuma, china chake chalakwika. Madzi oundana akachindikala kupitirira theka la sentimita m'makoma mwake, isungunuleni, koma osagoba ndi mpeni chifukwa mukhoza kuboola paipi ya gasi. Kumbuyo kukhale mpata woti mpweya uzidutsa, fumbi la pa timapaipi takuda tija muzilipukuta, ndipo isayandikane ndi kuka kapena kuwombedwa ndi dzuwa. Firiji imakwana pa madigiri 4, firiza pa madigiri 18 kunsi kwa ziro. Kuzizira kopitirira apo n'kungotaya magetsi. Chakudya chotentha chiyambe chazizirako musanachilowetse.

Ndiye dzifunseni moona mtima ngati firizayo mukuifunadi. Ndaonapo zambiri zikuyaka chaka chonse muli timapaketi tiwiri ndi mabotolo a madzi. Ngati zimene zilimo zingakwane m'chipinda chapamwamba cha firiji, samutsani, firizayo muizule, muisiye chitseko chili chotsegula pang'ono kuti isachite nkhungu. Chimene sindikulangizani ndi kumazimitsa firiji usiku muli chakudya. Mupulumutsa zochepa kwambiri chifukwa m'mawa iyenera kubwezeretsa kuzizira konse kumene yataya, ndipo chakudya chosungunuka n'kuumanso chikhoza kudwalitsa banja lonse.

Mababu sindikuwanyoza, zimangotengera mtundu wake. Babu lakale lija la kawaya kofiira mkati limasandutsa pafupifupi magawo 90 pa 100 alionse a magetsi kukhala kutentha, n'chifukwa chake simungaligwire likayaka. La mawati 60 likamayaka maola asanu patsiku limadya mayunitsi 9 pa mwezi. Babu la LED la mawati 9 limawala mofanana koma silifika ngakhale mayunitsi awiri. Luso limeneli ndi lalikulu ndithu, moti akatswiri atatu ochokera ku Japan amene anatulukira LED ya buluu, imene inatheketsa mababu oyerawa, Isamu Akasaki, Hiroshi Amano ndi Shuji Nakamura, analandira mphoto ya Nobel mu 2014. Pogula yang'anani nambala ya lumens, ndiyo imanena kuwala. Nambala 800 ndi yofanana ndi babu lakale la mawati 60. Yambani kusintha a panja amene amayaka usiku wonse. Babu limodzi lakale la mawati 100 loyaka maola 12 limadya mayunitsi 36 pa mwezi, kuposa TV yanu kasanu. Mukasintha onse, nkhani ya amene waiwala kuzimitsa babu la kuchimbudzi siyoyeneranso kukanganitsa anthu. Mababu opotana aja ali ndi chitsulo chamadzimadzi chotchedwa mercury pang'ono, akasweka tsegulani mawindo ndipo musatole ndi manja.

Ayironi imadya kwambiri ikamatentha koyamba, choncho sitani zovala zambiri nthawi imodzi m'malo mosita malaya amodzi m'mawa uliwonse. Ngati muli ndi makina ochapira, chapani ndi madzi ozizira, chifukwa magetsi ake ambiri amathera potenthetsa madzi. Simunatchule hita, koma ngati imatuluka nyengo yozizira dziwani kuti ya mawati 2,000 pa maola asanu yamaliza mayunitsi 10. Pa zipangizo zosiyidwa chiyakire ndi kanyali kofiira, lamulo ndi lakuti wati imodzi yosazima imadya pafupifupi mayunitsi 9 pa chaka. TV yamakono ikazimitsidwa ndi rimoti imadya zosakwana wati imodzi, koma madikoda ena ndi mawailesi akale amakoka mawati 10 kapena kuposa ngakhale mukuti mwazimitsa. Gwirani chipangizocho, chikakhala chofunda pamene sichikugwira ntchito, chizimitseni pa soketi.

Zonsezi musangokhulupirira ine, mita yanu ikuuzani. Usiku pogona lembani mayunitsi otsala, m'mawa musanayatse kanthu lembaninso. Kusiyana kwake ndi zimene nyumba imadya anthu ali m'tulo. Usiku wotsatira zimitsani giza mubwerezenso, usiku wina zulani firiza itachotsedwa katundu. Pakutha pa sabata mudzakhala mukudziwa chipangizo chimene chikukudyerani, ndi manambala ake. Pali njira ina yachangu. Pa mita zambiri, kapena pa kabokosi kolowetsera nambala, pali kanyali kamene kamaphethira, ndipo pafupi pake palembedwa nambala monga 1000 imp/kWh. Zikutanthauza kuti kakaphethira maulendo 1,000, yuniti imodzi yatha. Ngati yanu ili ndi nambala imeneyi, werengani masekondi pakati pa kuphethira kumodzi ndi kotsatira, mugawe 3,600 ndi masekondiwo, yankho lake ndi mawati amene nyumba ikukoka nthawi imeneyo. Masekondi 36 ndi mawati 100. Masekondi awiri ndi mawati 1,800. Imani pa mita, mwana mmodzi aziyatsa zipangizo chimodzichimodzi. Akadzaona okha mmene kanyaliko kamathamangira giza ikayaka, za kuchedwa kubafa simudzavutikanso kuwauza.

Za kachipangizo kamene bambo akufuna kugula, auzeni mwaulemu kuti ndalamayo aisunge. Ndatsegulapo toterewa, mkati mumangokhala capacitor, kachipangizo kosunga magetsi ochepa kwa kanthawi, ndi kanyali kobiriwira koti muziona ngati kakugwira ntchito. Ogulitsa amakonda kuonetsa makina oyezera akusonyeza kuti mphamvu yoyenda m'waya yatsika, koma mita ya m'nyumba imawerenga mphamvu imene yagwiradi ntchito, ndipo imeneyo siisintha. Madzi a mu giza adzafunabe mayunitsi 7 awo. Tina timapangidwa mosasamala moti timatentha pa soketi. Chenjeraninso ndi anthu amene amabwera n'kunena kuti akhoza "kukonza" mita kuti iziyenda pang'onopang'ono, kapena kulambalalitsa waya. Kumeneko ndi kuba magetsi, ndi mlandu, ndipo mawaya olumikizidwa mobisa amawotcha nyumba.

Ngati mukuikayikirabe mita, yesani izi masana. Zimitsani ndi kuzula chilichonse m'nyumba, giza ndi kuka muzimitse pa timaswitchi take ta m'bokosi la magetsi, koma switchi yaikulu muisiye yoyaka. Kanyali kaja kayenera kusiya kuphethira. Kakamapitirizabe, pali chinachake chikukoka magetsi chimene simukuchidziwa. Nthawi zina ndi waya wopita ku nyumba ina yapafupi kapena ku pampu ya madzi, makamaka m'nyumba zalendi zimene kale zinali pa mita imodzi. Nthawi zina ndi waya wosupuka amene akutayira magetsi pansi. Tsitsani timaswitchi tija kamodzikamodzi mpaka kanyaliko katasiya, mudziwa mzere umene uli ndi vuto, ndipo kuyambira pamenepo ndi ntchito ya mmisiri wa zamagetsi wokhala ndi chiphaso. Muitaneninso mwachangu, osadikira mawa, mukamva fungo la pulasitiki yopsa, soketi ikamatentha kapena kuda, switchi ikamangodzigwetsa, kapena mpopi ndi kuka zikamakugwirani magetsi pang'ono mukazikhudza.

Mukatsitsa switchi yaikulu yeniyeniyo koma mayunitsi n'kumatsikabe, kapena mukayatsa ketulo yokha n'kupeza kuti mita ikuwerenga mawati osiyana kwambiri ndi olembedwa pansi pake, pamenepo bambo akhoza kukhala kuti akunena zoona. Musaitsegule kapena kudula chidindo chake. Pitani ku kampani imene imakugulitsani magetsi mukapemphe kuti adzaiyeze, mutatenga nambala ya mita, malisiti ndi kope limene mwalembamo mayunitsi a usiku ndi m'mawa aja. Funsiranitu ngati kuyezako kuli ndi malipiro mita ikapezeka kuti ili bwino.